Kabotolo ka Kumanzere

Ku labotale kwathu tinkamutcha Mayi Shuga, chonsecho tiyi ankamwa wopanda shuga. Dzinali linachokera ku ntchito yake. Atamaliza maphunziro ake a udokotala, anabwera kudzafufuza timashuga tomwe timamatirira pa mapuloteni a m'thupi. Ankati timashugato tikakhala molakwika, ubongo umayamba kufota, munthu n'kufika poiwala ana obereka yekha. Ine ndine nesi wotenga magazi, ndipo zambiri ndinkangovomera ndi mutu.

Pofufuza pamafunika magazi a odwala ndi a munthu wabwinobwino, kuti uziyerekeza. Odwala ankabwera nawo abale awo. Wabwinobwino ndiye ankasowa, nanga ndani angafune singano asakudwala? Tsono Mayi Shuga ankangopinda mkono wa malaya.

"Tengani anga, anesi. Koma mubaye mwaulemu, ndine bwana wanu," ankatero akuseka.

Timabotolo ta odwala tinkaika kumanja kwa thireyi, kake kumanzere. Makina akamaliza ankatulutsa chithunzi cha mizere, ndipo mzere wake unkasiyana ndi ya odwala moti ngakhale ine ndinkaona.

Mmodzi mwa odwalawo anali amayi ake omubereka, amene kale anali telala. Ankakhala pa benchi ya m'khonde, zala zikupindapinda m'mphepete mwa diresi ngati akusoka. Tsiku lina anamuyang'ana mwana wawo n'kufunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, mwamuonako mwana wanga? Sanabwerebe kusukulu."

"Abwera posachedwa, amayi," anayankha, n'kulowa m'chipinda cha mafiriji. Anakhalitsamo.

Amayiwo atamwalira, Mayi Shuga ntchito anaigwira ngati wolusa. Kenaka mzere wa kumanzere unayamba kupendekera ku ya odwala. Poyamba anati makina afa, wokonza makina n'kudzudzulidwa popanda chifukwa. Kenaka anati mankhwala oyezera atha mphamvu. Tinagula atsopano, ndinamubayanso, ndinamubayanso, mpaka mtsempha unada. Mzere sunabwerere.

"Njira yoyezerayi sinatsimikizike," anandiuza ndisanafunse. "Mwina sikutanthauza kanthu."

Ndinavomera, koma mumtima ndinali ndi mantha, komanso ndinamukwiyira. Anthu ena matenda amawapeza mwadzidzidzi, iye anachita kuwayang'ana akubwera chapatali, pa makina oyatsa yekha.

M'mawa wina ndinamupeza ataima pa firiji yotsegula, alamu ikulira, utsi wozizira ukumugwera kumapazi. Sankadziwa chimene wadzatenga.

"Tonse timaiwala, mwana wanga," ndinatero ndikutseka chitseko.

Ndipamene ndinaona zala zake. Zinkapindapinda m'mphepete mwa jasi lake loyera, pang'onopang'ono, ngati akusoka. Ndinachita ngati ndamvanso mawu aja a pa benchi.

Sabata yotsatira anapinda malaya osanena nthabwala. Nditadzaza kabotolo, ndinapita nako kumanzere monga mwa masiku onse. Anandigwira dzanja.

"Kumanja, anesi."

"Mwanena nokha kuti sizinatsimikizike."

"N'chifukwa chake. Kakakhala kumanzere, tiziyerekeza odwala ndi wodwala mnzawo, ntchito yonse iwonongeka. Ndipo ine nthawi ndilibe."

Ndinakaika kumanja, pamzere womwe tinkaika ka amayi ake. Kumanzere kunatsala malo opanda kanthu, tonse tikungowayang'ana. Ine amene ndabaya anthu moyo wanga wonse, singano ndimaiopa koopsa. Ndinakhala pampando wotengera magazi, n'kupinda mkono wa malaya anga.