Njerwa Zanga ndi Mvula ya Kwawo

Nyumba imene tinkakhala ku Kafue Estates inali ya kampani. Amuna anga ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, ndipo ine ndinkadziwa kuti tsiku limene ntchito idzathe, makiyi tidzabweza. N'chifukwa chake ndinapempha malo ku Shimabala n'kuumba njerwa ndi manja angawa, chilimwe chonse, msana kuchita kuuma gwa. Zinangotsala kuotcha.

Nkhuni zinachedwa, mitambo n'kuyamba kusonkhana. Njerwa yosaotcha ikanyowa ndi phala basi.

Amuna anga anagula wailesi ufulu utangobwera kumene. Koma poti anabadwira ku Malawi, nthawi ya zanyengo ikakwana ankapotokola mpaka agwire siteshoni ya kwawo, yolira ngati mafuta m'chiwaya. Khutu pa wailesi, kenako: "Amake mwana, musavutike. Akuti mvula ikadali kutali."

"Kutali ndi kuti? Abambo inu, njerwa zanga zili ku Malawi?"

Ine ndinali ndi pomvera panga. Iwo akapita kuntchito ndinkatsegula ya ku Lusaka, ndiyeno n'kufunsa ogulitsa nsomba a ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, obwera pa njinga, poti mitambo ya kumtsinje amaiona m'mawa uliwonse. Wailesi inkaphonya, a nsombanso ankaphonya. Koma akagwirizana, sindinkadikira wachitatu. Sabata imeneyo anagwirizana.

Ndinaitana amayi anzanga a kutchalitchi, tinasanja njerwa, n'kufolera ndi udzu ndi malata obwereka. Amuna anga anaseka, ati ndafunditsa dothi bulangete. Loweruka masana kunada bii, n'kugwa chizimalupsa chenicheni. Zinasungunuka za m'mphepete zokha.

Ndinabwerera ku Estates nditanyowa chonchobe, mawu ali pakamwa, nditakonzeka kuwaseka mpaka akhaule. Ndinawapeza khutu lili pa wailesi ija.

"Mukumveranso abodza anuwo?"

Sanatembenuke n'komwe. "Kuno yagwa, ndaiona ndi maso. Ndikufuna ndimve ngati yafika kwa amayi. Munda akulima okha."

Chisoni chinandigwira.

Njerwa tinaotcha, nyumba tinamanga, ndimo ndikukhala mpaka lero. Za mvula ya kuno ndinkagamula ndine, iwo osatsutsanso. Koma nthawi ya zanyengo za kwawo ikakwana, ana ndinkawatontholetsa ndekha.