Dothi limene a Tembo anatapa

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, bambo ali atenanti pa esiteti ya fodya ku Chiosya. Kuseri kwa phiri, kudambo, kunali malo amene ndege ya asilikali inagwa nthawi ya nkhondo ya azungu. Malata ake anthu anagawana kalekale n'kusulira mapoto. Chinatsala ndi chiinjini chadzimbiri chimene tinkakwerapo tikapita kotola nkhuni.

Mwezi wa Okutobala kunafika munthu wachikulire wochokera ku Zambia, a Tembo, akutsimphina ndi ndodo. Anati achimwene awo anafera m'ndegemo ndipo kwawo alibe manda. Anabwera kudzatapa dothi la pamalopo kuti akaliike kumanda a makolo, mzimu ubwerere kumudzi. Bambo anali kuthirira nazale, ndiye anatuma ine kuti ndiwaperekeze.

Abale, dzuwa la tsiku limenelo! Mchenga unkaotcha kumapazi, njala ili m'mimba, ndipo a Tembo ankaima pamtengo uliwonse kuti apume. Tisanafike ndi theka lomwe la ulendo, ine ndinali nditatopa nawo. Kumalire a esiteti, pamene anatayapo zitsulo za thirakitala yakale, ndinaloza.

"Ndi pano, agogo."

Sanafunse kanthu. Anavula chipewa, n'kugwada movutikira, n'kuyamba kulankhula ndi achimwene awo ngati akuwaona. Anawauza kuti amayi anamwalira akudikirabe. Kenako anatapa dothi lakuda ndi oyilo n'kulimanga m'kampango. Anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, lero ndikagona tulo."

Ndinafuna kuulula, koma sindinatero. Ngakhale bambo sindinawauze mpaka anamwalira.

Bambowo tinawaika kumanda a atenanti pa esiteti pomwepo, ife n'kubwerera kwathu ku Mulanje. Chaka chatha ndinapitanso ku Chiosya kukafuna manda awo, imvi zili mbuu, mawondo akukana. Mitumbira inafafanizika, ndi tchire lokhalokha. Mlonda amene anandiperekeza anali atatopa nane, ndinkachita kuona. Sanayang'ane n'komwe, anangoloza pafupi ndi njira.

"Ndi apa, bambo."

Kalozedwe kameneko ndinakadziwa. Koma ndinavula chipewa, n'kugwada, n'kutapa dothi. Ndikanatani?

Tsopano ndikumvetsa kuti munthu amene wayenda mtunda wautali ndi chisoni alibe mphamvu zotsutsa, amangolandira pamene wamulozera. A Tembo anakagona tulo chifukwa sanadziwe. Ine dothi langa lili m'kampango pansi pa bedi, ndipo sindigona.