Loboti ya Dalitso Yokana Kufa

Fungo la petulo likasakanikirana ndi la mango owola limandibweza ku Chinyunyu, kuseri kwa golosale ya amalume anga, a Tembo, m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Inali holide ya Disembala, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mvula inali itayamba, nthunzi ya pa akasupe otentha ikufuka m'mawa ngati wina wayatsa tchire. Amalume anali atangobwera kuchokera ku Lusaka, ntchito itatha, atanyamula makompyuta awiri akale, achikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Anawaika patebulo limodzi atapatsana misana, n'kuwalumikiza ndi waya wotuwa womata selotepi pakati.

Jenereta ankaiyatsa masana okha, kuti firiji iziziritse zakumwa za anthu a m'mabasi. Nthawi imeneyo ndiyo inali yathu anafe. M'makompyutamo munali gemu ya maloboti akuluakulu achitsulo, oyenda ndi miyendo iwiri ngati nthiwatiwa, mizinga ili pamapewa. Aliyense ankayendetsa yake pa sikirini yake, kusakana m'chipululu chofiirira. Loboti yako ikaphulika, unkanyamuka pa kireti ya mabotolo, wina wa pamzere n'kukhalapo.

Dzanja ndinali nalo, sikudzitama ayi. Anyamata ambiri ankaimitsa loboti n'kumalimbana ndi mabatani, ine n'kuwagwetsa ngati mapapaya. Vuto linali Dalitso, mlongo wanga wamkulu, amene loboti yake sinkaima. Inkangothamanga cham'mbali ngati nkhanu. Ndinkamulondola mpaka alowe pakati pa kamtanda kolozera, n'kudina. Mzinga unkauluka ndikuuona ndi maso angawa, kulowa pachifuwa pa loboti yake, kutulukira kumsana ngati wadutsa mu utsi. Loboti osagwedezeka n'komwe. Kenaka sikirini yanga inkafiira, kuseri kwa tebulo kukumveka phwete.

"Nakulasa iwe!" ndinkakuwa.

"Walasa mphepo, Misozi. Ine nenze nachokapo kudala, kalekale."

Ana a pamzere ankafuna kiretiyo, ndiye ankaikira kumbuyo iyeyo. Pasanapite nthawi, mudzi wonse unamva kuti Misozi akaluza amanama. Ngakhale amayi ogulitsa nthochi pamsewu ankandiseka ndikamadutsa ndi chigubu pamutu. Kugonja sikunkandiwawa kwenikweni. Chinkanditentha mumtima n'kutchedwa wabodza pa chinthu choona. Ndinayesa kusinthana naye malo, kupukuta sikirini ndi chitenje cha amayi, kuuzira mpweya pa waya. Ndinkapalira chimanga mothamanga, kusiya udzu pakati pa mizere, kuti ndikafike jenereta isanazime. Zonsezo osathandiza.

Tsiku lina ndinamulasa pamutu penipeni, moto mpaka kuthetheka, koma amene anaphulika ndine. Pansi pa tebulo panali bango lakupsa kwambiri, lotsala pa mango amene tinkadya. Ndinalitola, kuzungulira tebulo, n'kumumenya nalo pamphumi, phwaa! Madzi achikasu anayenderera mpaka m'kolala.

"Nanga ili, unachokapo kudala?"

Amalume anatulukira atagwira chotsegulira mabotolo. Ndinadikira mbama, koma iwo anangopukusa mutu. Anatembenuza makompyuta aja, kuwaika moyandikana, n'kutiuza kuti tiseweremo tikuyang'ana konsekonse. Ana onse anaunjikana kumbuyo kwathu, fungo la thukuta ndi utsi lili tho. Dalitso anathamangitsa loboti yake. Pa sikirini yake inali itadutsa kale mwala waukulu, koma pa yanga inali isanaufike. Ndinadina. Kwanga mzinga unalowa m'chifuwa. Kwake unadutsa kumbuyo, pa mchenga wokhawokha.

"Waya uyu ngwaulesi, mwanangu," anatero amalume. "Nkhani imafika kwa iwe itagona panjira."

Palibe amene anandipepesa. Mwana wina anangoti, "Ndiye waluzabe, nyamuka." Ndinanyamuka. Amayi atamva za bangolo anandiletsa kupondanso kugolosale, ndipo holide yotsalayo ndinaithera m'munda, ndikumvera kulira kwa jenereta chapatali, khasu likulawa mkwiyo wanga.

Pa msinkhu umenewo ndinatsimikiza kuti wayayo ankakondera anyamata, ndipo mawu a amalume ndinawatenga ngati njira yozimitsira mlandu. Sindinkadziwa kuti anthu awiri angathe kukangana mpaka kutupa mitsempha, aliyense akunena zoona zokhazokha za mbali imene wakhala. Zimenezo ndazidziwa ndili wamkulu, m'banja ndi kuntchito, ndipo zimandiletsa kufulumira kutchula munthu wabodza. Komabe mukandifunsa za masana aja, yankho langa silinasinthe. Ndinamulasa.