Ndinapha Gitala ya Apongozi Anga

Chidwi ndi chabwino, koma changa chinapha chinthu cha mwini, ndipo mwiniwakeyo anapita kumanda asakudziwa kuti wakupha ndinali ine. Inu owerenga, ndimvereni.

Zinachitika masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinali pa chikamwini kufupi ndi doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa, ndikumayanika matemba ndi kukonza mawayilesi a asodzi anzanga. Sindinaphunzire kulikonse. Ine chinthu chikakhala ndi masikuluwu, manja amandiyabwa mpaka nditaona za m'kati mwake.

Apongozi anga aamuna anabwera ku Joni ndi gitala ya magetsi. Inali yofiira, yolemera, yopanda chibowo ngati magitala ena, ndipo anaigula ili yakale kale kwa woimba wina wa kumeneko. Kwathu magetsi kunalibe. Lamlungu lililonse ankaitulutsa m'bulangete, n'kuipukuta, n'kumakhwatcha nsambo zake. Kamawu kake kanali ngati ka udzudzu. Komabe ankauza alendo kuti ikalumikizidwa ku zokuzira mawu imamveka mpaka ku chilumba cha Chisi.

Zimenezi zinandisowetsa mtendere. Thabwa lopanda mphako lingalire bwanji? Mawuwo amabisala pati? Ndikanangofunsa. Koma mukudziwa inu, mkamwini sacheza ndi apongozi ngati mnzake wa pabawo. Tinkapatsana moni nditanjuta, maso pansi, basi.

Kenaka kunamveka kuti ku ukwati wa mlamu wanga kubwera oimba a ku Zomba ndi zokuzira mawu zoyendera batire la galimoto. Apongozi anakondwa ngati mwana. Anayamba kuyeseza nyimbo tsiku ndi tsiku, akuti mudzi wonse udzamve chimene anasunga zaka zonsezi.

Tsiku lina onse atapita kokolola mpunga ku Likangala, ndinalowa m'nyumba mwawo, kumene mkamwini saponda. Ndinamasula kabokosi kachitsulo kamene kanali pansi pa nsambo. M'kati ndinapeza maginito wokulungidwa ndi kansalu kakuda konata. Kuno ku Chilwa madzi ndi amchere, chitsulo chilichonse timachipala dzimbiri ndi kuchitsuka ndi palafini, ndiye ndinati ndiwathandize. Nditatong'ola kansaluko ndi singano yosokera ukonde, ndinaona waya wofiira, wopyapyala kuposa tsitsi. Ndinafuna kudziwa kuti ndi wautali bwanji. Ndinayamba kukoka. Ndinatuluka naye pakhomo, kudutsa pa nkhokwe, kukafika pa thandala la matemba, koma osatha. Kunena zoona ndinkasangalala. Kenaka anangoti thu, kuduka.

Ndinamanga mfundo ngati ya ukonde, ndinakulunga mwachisawawa, n'kutseka. Kunja inkaoneka bwinobwino.

Tsiku la ukwati apongozi anavala jekete lawo la ku Joni. Anthu anadzaza bwalo. Mkulu wa oimba aja ataiona gitalayo anavula chipewa. Anati zoterezi anasiya kupanga, zimanka zikoma ndi ukalamba, ndipo iye sangaisinthe ngakhale ndi boti la injini. Analumikiza chingwe. Apongozi anakhwatcha. Zii. Anakhwatchanso, oimba aja anasintha chingwe, anayesa batire lina. Kamene kankamveka ndi kaudzudzu kaja. Anthu ena anayamba kuseka, ndipo mayi wina anati mwina ku Chisi kokha ndi kumene akumva.

Apongozi anaivula paphewa mwakachetechete. "Ndalakwa ndine," anatero. "Ndinaisunga nthawi yaitali, yafa ndi kudikira."

Ine ndinali pomwepo, nditanyamula benchi. Ndinaopa kupirikitsidwa pamudzi, ndinaopa kusiya mkazi wanga ndi ana. Ndinakhala chete, ndipo manyazi amenewo sanandichoke mpaka lero.

Sanaitulutsenso Lamlungu. Atadwala matenda awo omaliza anandiitanitsa, koyamba kundilowetsa m'nyumba mwawo ndi pakamwa pawo. Anandipatsa bulangete lija, gitala ili m'kati. "Akamwini, inu muli ndi manja abwino. Mudzaidzutse."

Ndayenda nayo kwa amisiri ku Zomba. Onse amati kabokosi katsopano angaike, italira ndithu, koma mawu amene apongozi ankanena anali mu waya yemwe uja.

Inu owerenga, chinthu chakale musachiyese chakufa chifukwa chili chete, ndipo musachitsegule mwiniwake kulibe. Safunsa anadya phula. Mukalakwa, ululani munthuyo akadali ndi makutu. Ine gitala ndili nayo, ndimaipukuta Lamlungu lililonse, koma mawu ake sindinawamvepo.