Mwana Amene Amayi Ankamuganizira

Tinkakumba mtedza kumunda kwathu, kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Ndinali kamtsikana, ndisanathe msinkhu. Mfuti zinalira kumudzi. Mbuzi zinatidutsa zikuthamanga, ina ikukoka chingwe chake.

Mlongo wanga Yohane anali atabwerera kunyumba kukatenga dengu. Sitinamudikire. Amayi anandigwira dzanja, tinalowa m'tchire.

Minga inanding'amba mapazi. Amayi sanaione. Milomo yawo inkangogwedera, ndipo ndinatchera khutu. Ankatchula za Yohane: dzino lake lobenthuka, chipsera cha pachigongono, mluzu umene ankaitanira galu.

Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Munthu amakhalapo chifukwa Mulungu akumuganizira," anatero. "Koma pano Mulungu ali ndi anthu ambiri. Ndikumuthandiza. Ndikangosiya, Yohane azimiririka."

Nanga ine? Ndinkayenda pambali pawo ndi njala yanga, wopanda wondiganizira. Ndinkadzitsina pamkono kuti ndione ngati ndikadalipo.

Tinapeza chinangwa m'munda wosiyidwa. Amayi anachidula patatu. Gawo lachitatu, la Yohane, analimanga kunsonga ya chitenje. Linauma, kenako linada. Ndinkayenda kumbuyo kwawo maso ali pa mfundoyo. Ndinkalakalaka ndikanakhala ine wotsala kumudzi kuja.

Tinatulukira ku Vubwi dzuwa lili paliwombo. Sitinadziwe kuti tawoloka malire. Mayi wina amene ankapeta chimanga pakhomo pake anatipatsa madzi m'chikho, n'kutiuza kuti kuno ndi ku Zambia, mfuti sizifika. Anandifunsa dzina langa. Ndinachedwa kuyankha. Chichokereni kumunda kuja palibe anali atalitchula.

Yohane sanabwere. Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo, koma palibe amene anati anamuona, wamoyo kapena wakufa.

Ife tinakhazikika ku Sinda. Ndinawalimira amayi, ndinawasambitsa atakalamba. Ankasokoneza mayina a ana anga. Dzino la Yohane sanaliiwale.

Atatsala pang'ono kutisiya anandikokera pafupi. Ndinkayesa anena za ine.

"Mwanawe, ndatopa. Umulandire mlongo wako."

Ndinamulandira. M'mawa uliwonse, ndisanagwire tsache, ndimamuganizira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Iye akadali mnyamata, ine imvi zili mbuu. Nsanje sinandichoke mumtima. Koma sindinadumphitseko tsiku.