Tsiku Limene Ng'ombe Zinakhotera Kuchigayo

Tsiku limenelo tinalipo owerengeka: ine, mkazi wa mwana wanga amene anali woyembekezera, ndi ng'ombe zanga ziwiri, yakuda ndi yofiira. Mwana wangayo anali atalawirira kuboda kukatsitsa matumba m'mathiraki. Mayi akunyumba anali kumaliro kwa abale awo ku Zambia. Amayi atatu ndi mwini chigayo anadzalowamo pambuyo pake.

Ine sukulu ndinalekezera pa a e i o u, koma mawu okha Mulungu anandipatsa. Funsani aliyense ku Kapondo kuno. Ndikaitana ndili kudimba, amayankha ali kumudzi. Ng'ombe zanga sindinaziboolepo mphuno, chikwapu sizichidziwa. Ndikakuwa kuti "Kumanja!" zakhota. "Ima!" zaima. Anzanga amalimbana ndi zingwe, ine ndimakhala pangolo manja ali pamawondo.

Ndiye Loweruka ndinali wolengeza paukwati wa mwana wa mlongo wanga, m'fumbi ndi mphepo ya Juni. Lamulungu ndinaimbanso kutchalitchi. Lolemba podzuka, pakhosi pali ngati ndameza gaga. Ndikati ndiyankhule, kumangotuluka mpweya.

Dzuwa litakwera pang'ono, mpongozi wanga uja anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe.

"Bambo, pepani. Nthawi yakwana."

Anayenera kupita kuchiyembekezo cha kuchipatala Lachitatu, beseni ndi zitenje anali atalongedza kale. Mwana wa m'mimba sanadikire. Wanjinga yamoto wa m'mudzi mwathu anali atachoka, foni ya mwana wanga osagwira. Ndinamanga ng'ombe pagoli, n'kuyala udzu ndi mphasa m'ngolo. Mpongozi anakwera kumbuyo, ine kutsogolo, osacheuka. Zaka zinayi ali pakhomo panga sitinayang'anizanepo m'maso, ndiwo ulemu wake.

Ng'ombe zinanyamuka zokha bwinobwino mpaka pamphambano. Pamenepo njira ya kuchipatala ndi yakumanzere, ulendo wa maola awiri. Yakumanja ipita kuchigayo, kumene ndimatengera anthu chimanga Lolemba lililonse.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene "Kumanzere!" Palibe chinatuluka. Ndinaomba m'manja. Ndinagogoda ngolo. Ndinatsika n'kugwira nyanga ya yakuda ija, inangondikankhira pambali ngati chitsamba. Mpongozi anayesa nawo ali chogona.

"Kumanzere, ng'ombe inu! Chonde!"

Zinangogwedeza makutu. Mawu a munthu wina sizinawaphunzirepo, ndipo amene sanaziphunzitse ndine. Zinakhotera kumanja, mayendedwe ake a Lolemba, osafulumira. Ine ndikutsatira pambali chipewa chili m'manja, m'ngolo muli kubuula.

Zinakaima pansi pa mtengo wa mango, pamene zimaima nthawi zonse. Pamzere panali amayi atatu. Wamkulu wa iwo, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze, anandiseka.

"Agogo aphokoso, lero mwafika mwakachetechete ngati mbala bwanji? Matumba ali kuti?"

Ndinaloza m'ngolo. Anasuzumira, kuseka kunathera pomwepo.

"Mayo! Mutu waoneka kale uwu. Zimitsani chigayocho! Inu azibambo, tiyeni uko, musaime apa ngati zitsa."

Awiri anatchinga ngolo ndi zitenje, wamkulu uja anakwera. Ine ndi mwini chigayo tinakakhala pamwala kuseri kwa nyumba. Iye anayamba kudandaula za dizilo, kuti wakwera mtengo, kuti lamba wa makina watha. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Chibadwire sindinamvetserepo munthu nthawi yaitali chonchija.

Sipanathe nthawi yogaya matumba awiri. Kunakhala zii kaye, kenako mwana analira. Mayi uja anabwera akupukuta manja.

"Ndi wamkazi. Mchombo unam'zinga m'khosi, ndauchotsa. Lulutirani, agogo. Aa, ndaiwala, lero mulibe pakhosi."

Mwini chigayo anaimbira wogula soya wina amene ali ndi galimoto, n'kuwatengera kuchipatala, mayi ndi mwana ndi mayi wa ufa uja. Ine ndinatsala. Ng'ombe zinkadya gaga wawo wa Lolemba.

Anthu amati ng'ombezo zinadziwa. Bodza. Ng'ombe sidziwa kanthu, zinkafuna gaga basi. Enanso amati ndinalakwa pofuna kukhotera kumanzere. Nalonso bodza, njira yoyenera inali ya kuchipatala, ndipo mawa zitachitikanso ndingalozenso komweko. Mawu anabwerera Lachinayi. Mpaka lero ndimakuwa pamphambano paja Lolemba lililonse, anthu amve kuti ngolo yadutsa. Kaya zimakhota chifukwa cha ine kaya chifukwa cha gaga, ndinasiya kufunsa.

Mwana wanga anafika madzulo a Lolemba lobadwa mdzukulu lija kuchokera kuchipatala, anandipeza ndikutseka khola. Anaima kanthawi akuyang'ana ng'ombezo.

"Bambo, ndadzera njira ya kumanzere ija. Mawu anu akanakhalapo, mwanayu akanabadwira padambo paja, popanda nyumba ngakhale imodzi, mzamba muli inuyo. Lowani, ndikuphikireni madzi a mandimu."