Dzina la Amayi pa Simenti Yaiwisi

Bambo anga anali ndi zilembo zawozawo. Anaziphunzira ku Mua ali mnyamata, poonera m'mabuku akale a kutchalitchi: zilembo zonenepa pamimba, zowonda m'khosi, chilichonse chili ndi timapazi ndi kamchira kopindika. Anapuma uphunzitsi matipate atangoyamba, nthawi imene aliyense pa Golomoti ankatsegula golosale kapena tiyirumu. Onsewo ankabwera kwathu kudzapempha chikwangwani.

Bambo ankalemba dzina la sitolo basi. Ukati awonjezere mndandanda wa katundu, ankakuyang'ana ngati wawatukwana. "Zilembo izi n'za mawu amodzi kapena awiri, akuluakulu," ankatero. "Ukazichepetsa zimangooneka ngati nyerere zagwera m'phala."

Amayi ankawaseka. "Munthu ali m'minibasi awerenga nthawi yanji michira yanuyo?" Koma tikamapita kumsika, iwo omwewo ndi amene ankaloza zikwangwanizo kuti aliyense adziwe mwini dzanja. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Patatha chaka Amayi atamwalira, tinamanga chiliza. Kwathu dzina timalemba ndi msomali simenti ikadali yaiwisi, ndipo ikauma palibenso kukonza. Apa n'kuti manja a Bambo atayamba kunjenjemera, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Amalume, mlongo wawo wa Amayi, ananena kuti mmisiri womanga alembe yekha dzina, masiku ndi vesi.

"Alamu, dzina la mkazi wanga ndilemba ndine," anatero Bambo. "Dzina lokha. Masikuwo tikuwadziwa."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno kuchigwa likuswa mtengo. Bambo anagwada pa thumba la simenti n'kuyamba. Chilembo choyamba chinawatengera nthawi mpaka amalume anayamba kutsokomola dala. Mmisiri ankawaza timadzi ndi burashi uku akung'ung'udza kuti simenti ikugwira. Ndinkaona dzina la Amayi likutsala lodukiza mpaka kalekale, ndipo ndinawakwiyira Bambo chifukwa cha liuma lawolo. Iwo osathamanga ayi, kamchira kalikonse ankakapinda mofatsa.

Atafika pa chilembo chomaliza, dzanja linakana. Msomali unkangogogoda pa simenti, osalowa. Anayesanso, unawapulumuka.

Bambo sanapemphepo thandizo kwa mwana wawo chibadwire changa. Tsiku limenelo anatola msomali, osatukula mutu, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanawe, tandigwira dzanjali."

Ndinagwada pambali pawo n'kugwira pamfundo ya dzanja lawo. Linali lopepuka, mafupa okhaokha. Iwo ankatsogolera, ine ndinkakanikiza, simenti ikulira pansi pa msomali. Chilembocho chinatuluka chopendekeka, chosiyana ndi zinzake. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapatsa mmisiri msomali uja. Sanalembenso chilichonse mpaka imfa yawo.

Ndikapita kumanda kukalambula, ndimayamba kuchotsa fumbi pa chilembo chopendekekacho.